Mafunso a Owerenga: Kompyuta ikamaonetsa manambala odabwitsa a kutentha, magetsi ndi disiki

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akunena nkhani imodzi, ngakhale kuti achokera m'maboma osiyanasiyana a chigawo chathu cha Kum'mawa kuno ku Zambia. Dzuwa likayamba kuwawa mu Seputembala, anthu amaika m'makompyuta awo mapulogalamu oonetsa kutentha kwa zipangizo za m'kati, liwiro la mafani ndi mphamvu ya magetsi, monga HWMonitor, HWiNFO, SpeedFan ndi CrystalDiskInfo, ndipo akaona manambala amene sakuwamvetsa, mtima umakhala m'mwamba. Ndasankha makalata 6 ndipo ndawafupikitsa. Ndawaika pamodzi chifukwa ena mwa manambala amenewa ndi abodza pomwe ena ndi oona, ndipo munthu akakhulupirira abodza amataya ndalama, koma akanyalanyaza oona angathe kutaya ntchito yake ya zaka zambiri.

Funso: Ndimaphunzitsa za makompyuta pa sukulu ina ya sekondale, ndipo tili ndi makompyuta a patebulo 12 amene tinalandira ngati mphatso. Nditaika HWMonitor m'kompyuta imodzi ndinaona mzere wolembedwa TMPIN2 ukuonetsa madigiri 127, ndipo m'kompyuta ina mzere wolembedwa AUXTIN ukuonetsa madigiri -128. Ahedi alamula kuti tisawayatsenso kuopa moto, koma mayeso ayandikira. Kodi titani? Mphunzitsi, Katete.

Yankho: Aphunzitsi, yatsani makompyutawo ana aphunzire, chifukwa manambala awiri amenewo sakunena za kutentha kwa chinthu chilichonse. Ndifotokoza motalikirapo kuti mukakhale ndi chowauza ahedi, amene achita bwino kusamala.

Pulogalamu ngati HWMonitor siyeza kanthu payokha, imangobwereza zimene yauzidwa. Pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo, pamakhala kachipangizo kakang'ono kotchedwa Super I/O, kamene nthawi zambiri kamapangidwa ndi makampani a Nuvoton, ITE kapena Fintek, ndipo kali ndi makomo angapo olandirira uthenga wochokera ku masensa, tizipangizo toyeza zinthu monga kutentha. Opanga motherboard salumikiza sensa pa khomo lililonse, ena amangowasiya opanda kanthu. Pulogalamu ikafunsa khomo lotere, kachipangizoko sikanena kuti kuno kulibe sensa, koma kawirikawiri kamapereka nambala ya kumalire kwa muyeso wake. Kutentha kumalembedwa m'kamalo ka mabiti 8, ndipo kamalo kotere kamasunga manambala oyambira pa -128 kulekezera pa 127. Ndiye chifukwa chake manambala awiri enieni amene mwaonawo amaonekanso m'makompyuta ambirimbiri pa dziko lonse lapansi. Taganizaninso izi: kuzizira kwakukulu kumene kunayezedwapo pa nthaka ya dziko lino ndi madigiri -89.2, ku Vostok m'dera la Antarctica m'chaka cha 1983. Sizingatheke kuti m'kalasi la ku Katete mukhale kachitsulo kozizira kuposa pamenepo.

Pali njira yosavuta yodziwira sensa yeniyeni. Tsegulani pulogalamuyo, lembani manambala onse pa pepala, kenako ipatseni kompyuta ntchito yolemera, mwachitsanzo kufufuza mavairasi m'disiki yonse uku mukuonetsa kanema. Sensa yeniyeni imakwera pang'onopang'ono ntchito ikakula ndipo imatsika ntchito ikatha. Nambala imene yangoima malo amodzi osasuntha, kapena imene ikudumpha kuchoka pa 20 kufika pa 110 ndi kubwereranso m'kamphindi, musaiwerengere. Mboni yachiwiri ndi BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard imene imayamba Windows isanatseguke, imene mumalowamo podina Del, F2 kapena F10 kompyuta ikangoyaka. BIOS inalembedwa mogwirizana ndi motherboard yomweyo, choncho imadziwa makomo amene ali ndi masensa, ndipo mayina monga AUXTIN okhala ndi manambala achilendo simudzawapezamo. Makompyuta ambiri a m'maofesi a Dell ndi HP saonetsa kutentha mu BIOS, ndipo zikatero yang'anani m'pulogalamu ija mzere wa purosesa (ubongo wa kompyuta) mwini wake, wolembedwa Package kapena Core, chifukwa umenewo sudutsira ku Super I/O.

Popeza makompyuta a mphatso amakhala akale, ndiwonjezere chinthu chimodzi. Mapurosesa akale a AMD a mtundu wa FX ndi A amatha kuonetsa madigiri 8 kapena 12 pamene sakugwira ntchito, m'chipinda chimene chili pa madigiri 30. Chinthu choziziritsidwa ndi mpweya sichingazizire kuposa mpweyawo, kotero nambala yotere ndi yolakwika. AMD inakonza muyesowo kuti uzilamulira fani, ndipo umayandikira choonadi purosesa ikatentha ndi ntchito basi. Mapurosesa a Ryzen 7 1800X ndi 1700X a m'chaka cha 2017 anali ndi vuto la mbali inayo, chifukwa ankawonjezera madigiri 20 pa nambala yotchedwa Tctl, ndipo pa amenewo nambala yoyenera kuiwerenga mu HWiNFO ndi ya Tdie.

Funso: Ndimajambula maukwati ndi misonkhano ya mipingo, ndipo makanemawo ndimawakonza pa laputopu ya Intel Core i7. Kuyambira mwezi watha, HWiNFO ikuonetsa madigiri 97 mpaka 100 ndikamamaliza kanema, ndipo pa mzere wa Thermal Throttling palembedwa Yes. Ntchito imene inkatenga mphindi 40 tsopano ikupitirira ola lathunthu ndi theka. Mnzanga akuti mapulogalamu amenewa amanama, ndisadandaule. Wojambula, Kapata, Chipata.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo akunena zoona za manambala ena, koma osati za amenewa. Inu muli ndi mboni ziwiri zogwirizana: pulogalamu ikuti purosesa yatentha, ndipo wotchi yanu ikuti ntchito yachedwa. Zikagwirizana chonchi palibenso chokayikira.

Mapurosesa a Intel ali ndi masensa m'kati mwenimweni, ndipo masensa amenewa sawerenga kutentha monga imachitira thermometer ya ku chipatala. Amawerenga madigiri amene atsala kuti purosesa ifike pa malire otchedwa TjMax, amene pa mapurosesa ambiri ali pa madigiri 100 ndipo pa ena a malaputopu ali pa 105. Pulogalamu imachotsera madigiri otsalawo pa malirewo n'kukupatsani nambala imene mumaona. Muyeso umenewu umalondola kwambiri pafupi ndi malire, chifukwa ndi pamene unapangidwira kugwira ntchito. Purosesa ikafika pamenepo imachepetsa liwiro lake dala kuti isapse (imeneyi ndiyo Thermal Throttling), ndipo zikakanika imazimitsa kompyuta yonse. Choncho purosesa yanu sikupsa lero kapena mawa, koma mukulipira ndi nthawi, komanso batire limene lili pafupi ndi kutentha kotere tsiku ndi tsiku limatha msanga.

Kwa owerenga ena amene aona 95 kapena 100 kamodzi kokha, ndichenjeze kuti HWiNFO ili ndi mizati inayi: Current, Minimum, Maximum ndi Average. Nambala ya Maximum imasunga kutentha kwakukulu ngakhale kutachitika kwa sekondi imodzi, ndipo purosesa ya masiku ano imathamanga mwadzidzidzi mukangotsegula Chrome, n'kutentha kwa kanthawi kochepa kenako n'kuzizira. Zimenezo si matenda. Dinani kabatani ka wotchi kamene kali m'munsi kuti manambala ayambirenso, gwirani ntchito yolemera kwa mphindi 10, ndipo muone Average pamodzi ndi liwiro la purosesa. Kutentha kukakhala pa malire nthawi yonseyo pamene liwiro likutsika, vuto lilipodi. Amene muli ndi mapurosesa a patebulo a Ryzen 7000 dziwani kuti AMD inapanga ambiri mwa iwo kuti azifika madigiri 95 pa ntchito yolemera, ndipo pa iwo nambala imeneyo payokha si chizindikiro cha vuto.

Tsopano chifukwa chake zayamba mwezi watha. Fani ilibe mpweya wina woziziritsira koma wa m'chipinda mwanumo, ndipo digiri iliyonse imene chipinda chawonjezera, purosesa nayo imawonjezera pafupifupi imodzi. Masana a Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i si ofanana ndi m'mawa wa Juni, ndipo anzathu a ku chigwa cha Luangwa, ku Mfuwe, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi umenewu, akudziwa bwino zimenezi kuposa ife a kumtunda. Chachiwiri ndi fumbi. Mphepo ya Julayi ndi Ogasiti, misewu yafumbi ya m'makomboni ndi phulusa la tchire lotenthedwa, zonsezi fani imazikokera m'kati, ndipo zimaunjikana pakati pa fani ndi timasamba tachitsulo totulutsira kutentha mpaka kupanga chinthu chonga kachidutswa ka bulangeti. Kunja simungachione.

Ikani dzanja potulukira mpweya pamene kanema akukonzedwa. Ngati fani ikulira mwamphamvu koma mpweya ukutuluka wochepa, njira yatsekeka ndi fumbi. Ngati mpweya ukutuluka wambiri koma wosatentha pamene purosesa ili pa 100, ndiye kuti kutentha sikukufika ku timasambato, ndipo kawirikawiri ndi chifukwa chakuti thermal paste, phala lija limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo cha mkuwa, lauma ndi kung'aluka. Nthawi zina ndi kapaipi ka mkuwa kamene kaonongeka. Pokonza, laputopu izimitsidwe, batire lichotsedwe kapena waya wake uzulidwe, ndipo fani igwiridwe ndi chala pouzira fumbi kuti isazungulire mopitirira muyeso. Phala lakale lipukutidwe ndi isopropyl alcohol, ndipo latsopano lipakidwe lochepa, longa njere ya mpunga. Mukapereka kwa wokonza, pemphani kuti akuonetseni chubu cha phalalo. Ndimapempha zimenezi chifukwa ndinatsegulapo malaputopu amene wina anapakamo mankhwala otsukira mano, amene amaoneka ngati akugwira ntchito masiku oyamba kenako amauma gwaa, ndipo mwini wake amakhala atalipira kale.

Podikira kukonzako, musaike laputopu pa matiresi kapena pa miyendo, ikwezeni kumbuyo ndi kathabwa kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo ntchito yolemera muziyisiyira usiku kapena m'bandakucha. Mu Power Options ya Windows muli mzere wotchedwa Maximum processor state, ndipo mukautsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 99, malaputopu ambiri amasiya kuthamanga kowonjezera kwa Turbo Boost, n'kuzizirako ndithu.

Funso: Ndili ndi kasitolo kolembera makalata, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Magetsi akazima timayatsa jenereta yaing'ono, ndipo nthawi zina kompyuta imazima n'kuyakanso yokha. Wokonza makompyuta anaika SpeedFan, anandionetsa kuti pa +12V pakuoneka 8.1, ndipo akuti ndigule power supply yatsopano. Ndalamayo ndi yambiri kwa ine. Kodi ndiguledi? Mayi wa bizinesi, Petauke.

Yankho: Mayi, musagule kaye. M'kalata yanu muli nkhani ziwiri zimene zasakanizidwa, ndipo ndikuona kuti power supply (kabokosi kogawira magetsi ku zipangizo za m'kompyuta) yatsopano siingathetse iliyonse mwa izo.

Ya 8.1 ndi yosavuta. Malamulo a ATX amene ma power supply ambiri anapangidwa mowatsatira amalola mphamvu kusiyana ndi maperesenti 5 okha, kutanthauza kuti njira ya mavoti 12 iyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, ya mavoti 5 pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo ya 3.3 pakati pa 3.14 ndi 3.47. Zikanakhala kuti njira ya 12 yatsikadi kufika pa 8.1, kompyuta yanu sikanayaka n'komwe, ndipo wokonzayo sakanapeza potsegulira SpeedFan. Chimene chimachitika ndi ichi: kachipangizo ka Super I/O kamene ndatchula poyankha aphunzitsi a ku Katete sikangalandire mavoti 12 mwachindunji, kamangokwanitsa mavoti ochepa. Opanga motherboard amachepetsa mphamvuyo ndi timaresista tiwiri isanafike pa kachipangizoko, ndipo pulogalamu iyenera kuchulukitsa nambala imene yapeza kuti ibwerere pa 12. Motherboard iliyonse ili ndi timaresista take, choncho pulogalamu imene sikuidziwa motherboard yanu imachulukitsa ndi nambala yolakwika, kapena imatenga khomo lina n'kulitcha +12V. SpeedFan inatuluka komaliza m'chaka cha 2016, ndipo ma motherboard amene anabwera pambuyo pake siiwadziwa.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa nditangoyamba ntchito ya makompyuta ndinauza bambo wina kuti agule power supply chifukwa cha nambala yotereyi. Titaika yatsopano, pulogalamu inaonetsa nambala yomwe ija. Bamboyo anali atagulitsa mbuzi kuti apeze ndalamazo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindiweruza power supply popanda multimeter, chipangizo choyezera magetsi.

Pemphani wokonzayo abwere ndi multimeter, aiike pa DC mavoti 20, ndipo ayeze pa cholumikizira cha mabowo anayi chotchedwa Molex chimene sichikugwiritsidwa ntchito, kompyuta ili chiyakire ndipo ikugwira ntchito. Waya wakuda wa multimeter upite pa waya wakuda, wofiira ukhudze waya wachikasu kuti aone mavoti 12, kenako waya wofiira kuti aone mavoti 5. Asamale kuti nsonga ziwirizo zisakhudzane. Bokosi la power supply lenilenilo lisatsegulidwe ndi munthu amene sanaphunzire ntchitoyo, chifukwa m'kati muli makapasita amene amasunga mphamvu yoopsa ngakhale mutazula ku khoma. Multimeter ikaonetsa manambala a m'kati mwa malire aja, nkhani ya 8.1 yatha.

Kuzima ndi kuyakanso kuja ndi vuto lenileni, koma palibe pulogalamu yotere imene ingalione, chifukwa masensa a pa motherboard saona mavoti 230 amene akulowa kuchokera ku khoma kapena ku jenereta. Mwanena kuti zimachitika pa jenereta, ndipo mwanenanso kuti muli ndi makina a fotokope. Makina amenewa, pamodzi ndi mapirinta a laser, ali ndi chotenthetsera chimene chimamatira inki yaufa pa pepala, ndipo chimakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi chikamayamba kutentha. Jenereta yaing'ono imagwa mphamvu kwa kamphindi, ndipo kamphindi kameneko n'kokwanira kuzimitsa kompyuta. Kwa sabata imodzi, muzilemba m'kabuku chimene chimachitika nthawi iliyonse kompyuta ikazima. Ndikuyembekezera kuti mudzapeza kuti imazima makina a fotokope akamadzuka kapena munthu akangodina kuti ayambe kusindikiza. Wina akakuonetsani uthenga wa Kernel-Power 41 mu Event Viewer ngati umboni wakuti power supply yafa, dziwani kuti uthenga umenewo umangonena kuti kompyuta inazima mosayembekezereka, sunena chifukwa.

Zikatsimikizika, ndalama imene mukanagulira power supply igule UPS (bokosi la batire lothandiza kompyuta magetsi akazima) yokhala ndi AVR, chipangizo chowongolera mphamvu ikatsika kapena kukwera, ndipo mulumikizeko kompyuta ndi sikirini basi. Makina a fotokope ndi pirinta ya laser asalumikizidwe ku UPS, chifukwa angailemetse mpaka kuiononga. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, masitolo ambiri m'chigawo chino anagula majenereta ndi mainveta mofulumira, ndipo si onse amene anali oyenera makompyuta. Mainveta otchipa a mtundu wa modified sine wave sagwirizana bwino ndi ma power supply ena atsopano okhala ndi active PFC, ndipo nawonso amatha kuyambitsa kuzima kotereku. Amene mukugula inveta ya kompyuta funsani ya pure sine wave.

Funso: Pulogalamu ikuonetsa kuti fani ya graphics card yanga ndi fani imodzi ya bokosi zili pa 0 RPM. Kodi zafa? Wophunzira, Lundazi.

Yankho: Tsegulani mbali ya bokosi muone ndi maso, chifukwa apa maso amaposa pulogalamu. Ma graphics card (zipangizo zotumiza zithunzi ku sikirini) ambiri a masiku ano amaimitsa mafani awo dala pamene kutentha kuli pansi pa madigiri 50 kapena 60, ndipo amawayatsa ntchito ikakula. Tsegulani masewera kapena kanema wolemera muone ngati ayamba kuzungulira. Fani ya bokosi imadziwitsa liwiro lake kudzera pa waya wachitatu, choncho fani ya mawaya awiri okha, kapena yolumikizidwa mwachindunji ku power supply, idzaonetsa 0 ngakhale ikuzungulira bwinobwino. Mafani awiri akagawana malo amodzi pa motherboard, liwiro limene limaoneka ndi la imodzi yokha. Fani imene yaimadi pamene kutentha kukukwera, kapena imene ikulira mokwekwesa, isinthidwe msanga, makamaka ikakhala ya purosesa.

Funso: Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Open Hardware Monitor kwa zaka zingapo. Tsiku lina Microsoft Defender inandichenjeza za chinthu chotchedwa WinRing0 n'kuchichotsa, ndipo kuchokera pamenepo pulogalamuyo sionetsanso kutentha. Mnzanga wa ku ofesi akuti ndingozimitsa Defender. Kodi ndi vairasi? Mlembi wa mu ofesi, Chadiza.

Yankho: Bambo, si vairasi m'njira imene ambiri timaganizira, komabe Defender sinalakwitse, ndipo musaizimitse. Kuti pulogalamu iwerenge masensa iyenera kufika m'kati mwenimweni mwa kompyuta, kumene Windows salola pulogalamu wamba kufikako, ndipo imadutsira pa kapulogalamu kapadera kotchedwa driver. Mapulogalamu ambiri aulere ankadalira driver yakale ya WinRing0. Vuto lake, limene linalengezedwa poyera m'chaka cha 2020, ndi lakuti ikatsegula khomo limenelo siisankha wolowa, kotero pulogalamu yoipa imene yalowa m'kompyuta ingathe kudutsira pomwepo n'kulamulira makina onse. Mu Malichi 2025 Defender inayamba kuigwira pa makompyuta ambiri, ndipo anthu a m'mayiko osiyanasiyana anaona uthenga womwe mwaonawo.

Open Hardware Monitor inatuluka komaliza mu Disembala 2020, choncho ndi bwino kuisiya. HWiNFO ili ndi driver yakeyake, ndipo LibreHardwareMonitor, imene inaphuka kuchokera ku pulogalamu yanu yomweyo, inasamukira ku driver ina yotchedwa PawnIO. Iliyonse imene mwasankha, itengeni pa webusaiti ya eni ake, osati pa flash disk imene yayenda m'makompyuta a tauni yonse, chifukwa pulogalamu yopatsidwa mphamvu zotere ikakhala yosokonezedwa imaononga kwambiri. Popeza kompyutayo ndi ya ku ofesi, funsani kaye amene amayang'anira makompyuta kumeneko. Muitsegule ndi Run as administrator, apo ayi masensa ena saoneka, ndipo musatsegule mapulogalamu awiri otere nthawi imodzi. Akamafunsa kachipangizo kamodzi pa nthawi yofanana amasokonezana, ndipo mumayamba kuona fani ikudumphira pa liwiro losatheka kapena kutentha kukugwera pa 0.

Funso: Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi a mtedza ndi soya, ndipo mayina a mamembala, ngongole za mbewu ndi malipiro a zaka 5 zili m'kompyuta imodzi. Mwana wanga anaika CrystalDiskInfo ndipo ikuonetsa mawu akuti Caution a mtundu wachikasu, ndi kadontho kachikasu pa mzere wa C5. Kompyuta ikugwirabe ntchito, kungoti mafailo ena amachedwa kutseguka. Kodi nayonso ndi nambala yabodza? Mlembi wa kopaletivu, Nyimba.

Yankho: Mayi, imeneyi ikhulupirireni, ndipo muchitepo kanthu lero lomwe. Uthenga umenewu sukudutsira pa khomo lopanda sensa kapena pa timaresista tosadziwika. Ukuchokera m'disiki mwenimwenimo, kudzera m'njira yotchedwa SMART, imene disiki imalembamo mbiri ya thanzi lake. Mzere wa C5, umene nambala yake ina ndi 197, umawerenga timagawo ta disiki timene yalephera kutiwerenga ndipo ikudikira kuona ngati tingapulumuke. Mzere wa 05 umawerenga timagawo timene yatisiya kale n'kutenga tina tapadera, ndipo wa C6 umawerenga timene talephereka kotheratu. Kuchedwa kwa mafailo kumene mwatchula ndi disiki ikubwerezabwereza kuwerenga malo oonongekawo, choncho nanunso muli ndi mboni ziwiri zogwirizana.

Si nambala iliyonse m'pulogalamu imeneyo imene ili yoopsa. Madisiki a Seagate amaonetsa manambala aakulu kwambiri pa mzere wa 01 ngakhale ali atsopano, chifukwa cha mmene kampaniyo imalembera muyesowo, ndipo mzere wa C7 ukamakwera, kawirikawiri wolakwa amakhala waya wa SATA amene wamasuka kapena watha, osati disiki. Manambala a kumanja amalembedwa m'kawerengedwe ka hexadecimal, ndipo mwana wanu angawasinthe kukhala manambala wamba polowa pa Function, Advanced Feature, kenako Raw Values. Koma C5 pamodzi ndi mafailo ochedwa si nkhani ya waya. Akatswiri a ku Google atafufuza madisiki oposa 100,000 m'kafukufuku amene anatuluka mu 2007, anapeza kuti disiki imene yayamba kuonetsa zolakwika zotere imakhala pangozi yaikulu yakufa m'miyezi yochepa yotsatira. Anapezanso kuti madisiki 36 pa 100 alionse amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART, kotero ngakhale mawu akuti Good si chifukwa chosungira mabuku a kopaletivu pamalo amodzi. Inu mwachita mwayi kuti disiki yanu yakuchenjezani.

Dongosolo la zochita likhale ili. Musayambe ndi kuyesa disikiyo, musaifomate, ndipo musalole aliyense kuthamangitsa chkdsk kapena mapulogalamu olonjeza kukonza timagawo toonongeka musanakopere zinthu zanu, chifukwa ntchito zimenezo zimaitopetsa disiki yodwala ndipo ingafere m'kati mwa ntchitoyo. Yambani ndi kukopera mafailo ofunika kwambiri, a ngongole ndi a malipiro, ku flash disk yatsopano kapena ku disiki ya kunja, kenako ena onse. Failo ina ikakana kukopeka, idumpheni mupitirize ndi zina, mudzaibwerera pomaliza. Chitani zimenezi pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sazima, chifukwa kuzima kwadzidzidzi pamene disiki ikulemba ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa timagawo totere. Mukamaliza, tsegulani mafailo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopeka bwino, ndipo ndandanda ya ngongole za chaka chino muisindikizenso pa pepala kuti a komiti akhale nayo.

Pambuyo pake gulani disiki ina, ndipo ngati thumba la kopaletivu lilola, ikhale SSD, imene ilibe mbale zozungulira m'kati ndipo kompyuta yakale imaipatsa liwiro looneka. Mukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani wogulitsa atsegule CrystalDiskInfo inu mukuona, muwerenge Power On Hours kuti mudziwe maola amene yagwira ntchito, ndipo ikakhala hard disk muonetsetse kuti 05, C5 ndi C6 zonse zili pa 0. Disiki yakaleyo muisunge m'kabati yosalumikizidwa kwa miyezi ingapo, mpaka mutatsimikiza kuti palibe failo imene inatsalira, ndipo popeza muli mayina ndi ngongole za anthu, musaipereke kwa wina aliyense isanafufutidwe.